Kodi kutentha kwa usiku kungawononge bwanji mbewu pamene dzuwa kulibe?

Mayi wina wa ku Salima, amene amalima nyemba ndi matimati kudimba komanso ali ndi kamunda ka mpunga, wafunsa kuti: "Madzi sindisowa, ndimathirira m'mawa ndi madzulo. Koma nyemba zimene ndinadzala mochedwa chaka chatha zinakula msanga, masamba ali biriwiri, kenako maluwa onse anangoyoyoka. Mwana wanga amene akuphunzira zaulimi akuti vuto ndi kutentha kwa usiku. Ine ndimadziwa kuti dzuwa ndi limene limawaula mbewu masana. Nanga usiku, dzuwa litalowa, chowononga mbewu n'chiyani?"

Zikomo mayi chifukwa cha funsoli. Fizi ya mwana wanuyo sikupita pachabe ayi. Kutentha kwa masana ndi kwa usiku kumawononga mbewu m'njira zosiyana. Kwa masana mumakuona ndi maso: masamba amafota, chimanga chimapinda masamba, mlimi n'kuthamangira kheni. Kwa usiku sikuoneka. Mbewu zimakhala zobiriwira, mwinanso kuposa za anzanu, ndipo mumadzazindikira kuti mwaberedwa tsiku lokolola.

Tiyambe ndi chinthu chimene mumachidziwa kuposa ine, chimera cha thobwa. Mukanyika chimanga kapena mawere, n'kuvundikira m'thumba pakona ya nyumba, pakatha masiku awiri kapena atatu mukapisamo dzanja mumamva kufunda. Simunakolezepo moto, dzuwa silinafikepo. Kufundako kukuchokera m'njere zomwezo. Zikupuma, ndiye kuti zikuwotcha chakudya chimene zinasunga kuti zipeze mphamvu yotulutsira mizu. Mbali iliyonse yamoyo ya chomera, kuyambira muzu mpaka duwa, imapuma chomwecho usana ndi usiku. Kusiyana kwake n'kwakuti masana masamba amakhala akupanga shuga kuchokera ku kuwala, madzi ndi mpweya wa kaboni, ndipo wopangidwayo amachuluka kuposa wowotchedwa. Usiku palibe cholowa. Chomera chimangodya zimene chinasunga, ndipo gawo limene limathera pa kupumaku si laling'ono: pa shuga yense amene chapanga, wochuluka ndithu, nthawi zina mpaka theka, amapita pamenepo. Tsono kukatentha kupuma kumathamanga. Kutentha kukakwera ndi madigiri 10, liwiro la kupuma limawirikiza pafupifupi kawiri. Usiku wofunda ndiye kuti shuga amene akanapita ku zitheba kapena ku maso a chimanga wathera panjira.

Alangizi ambiri amathera pomwepa, ndipo ine ndimaona kuti amafotokoza theka chabe la nkhani. Chomera sichimwaza chakudya mwachisawawa. Akatswiri a ku John Innes Centre, malo ofufuza za zomera a mumzinda wa Norwich ku England, motsogozedwa ndi Alison Smith, anaonetsa pa kachomera kotchedwa Arabidopsis kuti masamba amagawa chakudya chimene asunga masana mwakuti chimatha m'bandakucha ndendende, monga momwe mayi amagawira ufa kuti ufike kumapeto kwa mwezi. Komanso chomera chikakhala pamalo ofunda kwa masiku angapo chimazolowera, kupuma kwake n'kubwererako pang'ono. Choncho kutayika kwa shuga kulipodi, koma pakokha sikungafotokoze kuchepa konse kwa zokolola kumene timaona.

Chachiwiri, chimene kwa ine n'cholemera kwambiri, ndi chakuti mbewu siziwerenga masiku monga momwe ife timawerengera pa kalendala. Zimawerenga kufunda kumene zalandira, ndipo siziona kuti kwabwera masana kapena usiku. Tiyeni tichite kasamu kakang'ono ndi chimanga, chimene chimaima kukula kukazizira kufika cha m'ma digiri 10. Tiyerekeze kuti masana kukufika madigiri 28, usiku 16. Pakati pake ndi 22, tikachotsa 10 kutsala 12. Chimangacho chasonkhanitsa 12 pa tsikulo. Tsopano masana akhale momwemo pa 28, koma usiku ukhale 20. Pakati pake ndi 24, kutsala 14. Ngati mtundu wa chimangacho umafuna 1,400 kuti ukhwime, koyamba kuja ukhwima pa masiku 117, kwachiwiriku pa masiku 100. Masiku 17 a dzuwa achoka, ndipo mlimi sanaone tsamba ngakhale limodzi lofota. Mwina anasangalalanso kuti chaka chino chimanga chafulumira. Koma masiku amene achokawo ndi amene masamba akanakhala akudzaza maso, choncho maso amatuluka ang'onoang'ono ndi opepuka, thumba lodzaza bwinobwino koma pasikelo likukana. N'chifukwa chake mtundu umodzimodzi wa chimanga umacha msanga ku Chikwawa kusiyana ndi ku Dedza, koma ku Dedza, nthaka ndi mvula zikalola, umalemera kuposa.

Nyemba zanu zija zinakula msanga pa chifukwa chomwechi. Koma kuyoyoka kwa maluwa kuli ndi chifukwa chake chapadera. Duwa la nyemba limadzibereketsa lokha, ndipo mungu wake umapangidwa masiku angapo duwalo lisanatseguke, likadali kamphukira kobiriwira kamene simungakaganizire n'komwe. Pa nthawi imeneyi ndi pamene chomera chimakhala chosalimba koposa. Usiku ukamakhala pamwamba pa madigiri 20 kapena 21 motsatizana, mungu wambiri umatuluka wakufa, timatumba tosunga mungu sititseguka bwino, ndipo duwa losaberekalo chomera chimangolitaya. Mizu, thunthu ndi masamba sizivutika ndi kutentha kotereku, mwinanso zimakondwa nako. Ndiye mumapeza munda wokongola woti munthu wodutsa aziyamikira, koma mukaweramira pansi pa mizere mupeza timaluwa toyera tili mbwee pa dothi lonyowa. Ndaonapo alimi akuthamangira kugula feteleza wa yureya ataona zimenezi, poganiza kuti mbewu zili ndi njala. Amangowonjezera masamba pamene vuto silili pa masamba.

Taonani tsono kumene mukukhala. Salima ili pafupifupi mamita 500 pamwamba pa nyanja yamchere, m'mbali mwa nyanja ya Malawi, ndipo madzi ambiri otere amasunga kufunda kwa masana n'kumakutulutsa pang'onopang'ono usiku. Mu Juni ndi Julayi, mwera ukamawomba, m'bandakucha kumazizira kufika cha m'ma 15 kapena 16, ndipo nyemba zimabereka bwino. Pofika Okutobala ndi Novembala, masiku ambiri kumacha kutentha kusanatsike pansi pa 21, nthawi imene anthu amagona pakhonde chifukwa m'nyumba simugoneka. Nyemba zimachita maluwa pakatha masabata asanu kapena asanu ndi limodzi chidzalireni. Amene wadzala mu Meyi maluwa ake amakumana ndi usiku wozizira. Amene wadzala kumapeto kwa Ogasiti amakalowetsa maluwa ake mu Okutobala, ndipo madzi a m'kheni, kaya achuluke bwanji, sangasinthe mpweya wa usikuwo.

Matimati nawo ndi chimodzimodzi. Kale mu 1944, katswiri wina wochokera ku Netherlands, Frits Went, akugwira ntchito ku California, anaonetsa kuti matimati amakula ndi kubereka bwino usiku ukakhala wozizirirapo kusiyana ndi masana, osati kutentha kukakhala kofanana usana ndi usiku. Mbatata ya kachewere ndiye imachita kuonetseratu. Masamba ake akhoza kumera bwino ku Salima, koma chizindikiro chimene masamba amatumiza pansi kuti mbatata ziyambe kuikidwa chimafooka usiku ukafunda, ndipo dothi likapitirira madigiri 20 zokolola zimatsika kwambiri. Mukaona milu ya kachewere m'mbali mwa msewu pa Lizulu, kapena ku Tsangano ndi ku Bembeke, chimene chawathandiza anthu a kumeneko si nthaka yokha. Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.

Poti muli ndi mpunga, kafukufuku amene anatsegula anthu maso pa nkhani yonseyi anachitika pa mpunga. Ku Los Baños m'dziko la Philippines kuli likulu la IRRI, bungwe lofufuza za mpunga padziko lonse. Mu 2004, Shaobing Peng ndi anzake anasanthula zolembedwa za nyengo za pamalopo kuyambira 1979 mpaka 2003. Anapeza kuti kutentha kwa masana kunakwera ndi madigiri 0.35 okha, pamene kwa usiku kunakwera ndi 1.13, kuposa katatu. Atayerekeza ndi zokolola za m'minda yawo yothirira, imene madzi ndi feteleza sizinkasowa, anaona kuti m'nyengo yachilimwe digiri imodzi iliyonse yowonjezera usiku inkayendera limodzi ndi kutsika kwa zokolola ndi magawo 10 pa 100. Akatswiri ena anatsutsa kuti chiwerengerochi chakula chifukwa usiku wofunda umayenderanso limodzi ndi mitambo, imene imachepetsa kuwala masana, ndipo mfundo yawoyo ndi yomveka. Koma kafukufuku wina wa mu 2010, amene anatenga minda 227 ya alimi m'maiko 6 a ku Asia, anapezanso kuti usiku wofunda umatsitsa zokolola za mpunga, pamene masana ofundirapo pang'ono ankazikweza. Chiwerengero chenicheni chimasiyana malo ndi malo, koma mbali imene zinthu zikulowera ndi imodzi.

Pa mpunga palinso china chimene sikelo sionetsa. Njere ikadzazidwa mothamanga, mkati mwake mumatsala timipata ta mpweya, ndipo m'malo mooneka mbee ngati galasi imakhala ndi kuyera kwa choko pamimba. Mpunga wotere ukalowa m'makina opunthira umasweka. Mlimi wa mpunga wa Kilombero amene amadalira njere zazitali zosasweka kuti apeze mtengo wabwino amaluza kawiri, pa kulemera ndi pa mtengo.

Musaganize tsono kuti ndikuchepetsa dzuwa la masana. Pa chimanga cha mvula, chimene ambirife timadalira, mdani wamkulu akadali masana otentha ophatikizana ndi ng'amba. Mu 2011, David Lobell wa ku yunivesite ya Stanford pamodzi ndi akatswiri a CIMMYT, bungwe lofufuza za chimanga ndi tirigu, anasonkhanitsa zotsatira za minda yoyesera chimanga yoposa 20,000 ya mu Africa, ya zaka za 1999 mpaka 2007. Anapeza kuti chimanga chikakhala tsiku lathunthu pa digiri imodzi pamwamba pa 30, zokolola zimatsika ndi gawo limodzi pa 100 ngati chinyezi chili chokwanira, koma ndi 1.7 pa 100 ngati kuli chilala. Mmene zimachitikira ndi motere. Mpweya ukafunda ndi digiri imodzi umatha kunyamula chinyezi chochuluka ndi magawo 7 pa 100, choncho umayamwa madzi m'masamba mwamphamvu. Pansi pa tsamba pali timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo pomwepo ndi potulukira madzi, pomweponso ndi polowera mpweya wa kaboni. Chomera chikaona kuti madzi akutha chimatseka timabowoti. Chapulumutsa madzi, koma chadzitsekera chakudya, ndipo tsamba limene lasiya kutulutsa madzi limatentha kwambiri ngati munthu amene wasiya kutuluka thukuta. Mukalowa m'munda cha m'ma 2 koloko masana mu Januwale kuli ng'amba, masamba a chimanga atapindika ngati a anyezi, dziwani kuti munda wonsewo sukugwira ntchito ngakhale dzuwa lili phwee. Zimenezi zikachitika chimanga chikumasula, ngayaye zimataya mungu ndevu zisanatuluke, mungu wina umauma kutentha kukapitirira 35, ndipo podzasenda mupeza chitsononkho cha magweru. Mpunga nawo, umene umatsegula maluwa ake chakum'mawa dzuwa litakwera, ukakumana ndi madigiri 35 pa ola limenelo umabereka mankhusu opanda kanthu.

Nkhaniyi ilinso ndi mbali ina, chifukwa kufunda sikuwononga paliponse. Mu 2013, akatswiri a ku yunivesite ya Peking anayerekeza zithunzi za kubiriwira kwa dziko zojambulidwa kuchokera m'mlengalenga ndi zolembedwa za nyengo za kumpoto kwa dziko lapansi. M'madera ozizira ndi achinyontho, monga nkhalango za kumpoto kwenikweni, masana ofunda ankachititsa zomera kukula kwambiri pamene usiku wofunda unkazibweza m'mbuyo. M'madera ouma a udzu zinali zosemphana: masana ofunda ankaumitsa nthaka n'kuchepetsa kukula, pamene usiku wofunda m'malo ena unkathandiza. Kwathu kuno mlimi wa dimba la m'dambo ku Dedza kapena ku Mzimba, amene matimati ake amapsa ndi chisanu mu Juni, usiku ukafunda ndi digiri imodzi iye apindula. Digiri yomweyo ku Salima, ku Nkhotakota, ku Karonga kapena m'chigwa cha Shire imakankhira mbewu kupyola malire ake, chifukwa kumeneko zinali kale m'mphepete.

Mwina mungafunse kuti bwanji usiku ndi umene ukufunda kwambiri. Mukudziwa kuti usiku wopanda mitambo, nyenyezi zili ngwee, kumacha kukuzizira kwambiri, pamene usiku wa mitambo kumafunda. Nthaka imataya kutentha kwake kumwamba usiku, ndipo mitambo, chinyezi cha mumpweya ndi mipweya imene ikuchuluka chifukwa chowotcha malasha, mafuta ndi nkhalango zimakhala ngati bulangeti lobweza kutenthako. Komanso masana mpweya umasakanikirana mpaka kutali m'mwamba, choncho kufunda kowonjezera kumamwazikana, pamene usiku mpweya wa pafupi ndi nthaka umangokhala phee, kufundako n'kuunjikana pomwe pali mbewu. Pakati pa 1950 ndi 1993, pamtunda padziko lonse, kutentha kwa usiku kunakwera mowirikiza kawiri kuyerekeza ndi kwa masana. Ku Malawi, kusanthula kumene kunachitika mothandizidwa ndi UNDP, bungwe la United Nations loona za chitukuko, kunaonetsa kuti dziko linafunda ndi madigiri 0.9 pakati pa 1960 ndi 2006, ndipo pakati pa 1960 ndi 2003 chiwerengero cha masiku otentha kwambiri pa chaka chinakwera ndi 30 pamene cha mausiku otentha chinakwera ndi 41. Agogo akamati kale Okutobala ankagoneka, sakungokumbukira ubwana wawo.

Tsono muchite chiyani? Ndikuuzeni mosabisa kuti kutentha kwa masana kuli ndi mankhwala ambiri kuposa kwa usiku. Masana mungathe kuthirira, kuphimbira ndi mapesi kapena udzu kuti nthaka isawawuke, kapena kusiya mitengo ya nsangu m'munda. Kuphimbira kumathandizako pang'ono ndi usiku womwe, poti nthaka imene sinatenthe kwambiri masana ilibe kutentha kochuluka kotulutsa, ndipo kwa mizu ndi kachewere zimenezi n'zofunika. Koma mpweya wa usiku umene ukuzungulira maluwa simungauziziritse. Kuthirira madzulo pamwamba pa masamba, kumene ena amachita poganiza kuti akuziziritsa mbewu, kumangosiya masamba onyowa usiku wonse, ndipo pa matimati kumeneko n'kuitana chiwawu. Thirirani patsinde, makamaka m'mawa. Ngati muli ndi shedi ya pulasitiki, m'miyezi yotentha muzisiya m'mbali motsegula usiku, chifukwa mukatseka mwatsekera kutentha konse kwa masana m'katimo.

Chida chenicheni chimene muli nacho ndi tsiku lodzala. Muziwerenga chobwerera m'mbuyo: dzifunseni kuti mbewuyi idzachita maluwa liti, osati kuti idzamera liti. Nyemba za kudimba ku Salima zidzalidwe madzi akangophwa, kuyambira Epulo mpaka Juni, kuti maluwa athe usiku usanayambe kufunda. Matimati awokeredwe moti maphava oyamba ndi achiwiri agwire zipatso Seputembala asanathe. Ndikudziwa chimene chimakopa anthu kudzala mochedwa: matimati ndi zitheba zimakwera mtengo pamene aliyense alibe. Koma aliyense alibe chifukwa chomwechi, ndipo amene akufuna kupikisana ndi nyengo imeneyo afunse kwa ogulitsa mbewu mitundu imene inapangidwira kumadera otentha, ayese kaye pa bedi limodzi. Malo amene atsala opanda kanthu mu Seputembala muikemo therere, mbatata ya kholowa kapena khobwe. Khobwe naye amamva usiku wotentha kwambiri, koma amapirira kuposa nyemba. Mpunga wothirira wa chilimwe muufese msanga kuti usadzamasule pakati pa Okutobala ndi Novembala.

Akatswiri opanga mbewu nawonso sakugona. Mu 2015 bungwe la CIAT lofufuza za ulimi wa m'madera otentha, limene likulu lake linali ku Colombia, linalengeza mitundu 30 ya nyemba yopirira kutentha, yambiri mwa iyo yochokera pokwatitsa nyemba wamba ndi nyemba ya tepary, imene anthu a m'zipululu za kumpoto kwa Mexico ndi kumwera chakumadzulo kwa United States akhala akulima kuyambira kalekale. Chimene ankayesa kwenikweni pa mitunduyi chinali chomwe chinakuvutani inu, ngati mungu ungakhale wamoyo usiku ukafunda. Mukakumana ndi alangizi a m'dera lanu, kapena mukapita ku malo a kafukufuku a Lifuwu amene muli nawo pafupi m'boma lanu lomwelo, musangofunsa za mbewu yocha msanga kapena yopirira chilala. Mufunsenso ngati ilipo yogwira maluwa nthawi yotentha, chifukwa zimenezi ndi zinthu zosiyana ndipo mtundu ukhoza kukhala ndi chimodzi popanda chinzake.

Mwana wanuyo mumutume akupezereni kachipangizo koyezera kutentha kamene kamasunga nambala yotsikitsitsa ndi yokwereretsa ya tsiku. Mukapachike pamthunzi kudimba komweko, pa msinkhu wa mbewu, osati pakhoma la nyumba limene limasunga kutentha kwakekwake. M'mawa uliwonse mukafika ndi kheni muzilemba m'kope nambala yotsikitsitsayo, pambali pake n'kulemba zimene mbewu zikuchita, kaya zayamba maluwa, kaya maluwa akugwa. Sabata imene nambalayo idzayambe kukhala pamwamba pa 20 masiku otsatizana muichonge, muwerenge masabata asanu ndi atatu chobwerera m'mbuyo, ndipo tsiku limene mwafikapolo likhale lomaliza kudzala nyemba pa dimba lanulo chaka chamawa.